Matayala osapopa pa njinga ya kabaza: vuto silichoka, limangosamuka

Funso: Ndimachita kabaza pa Lizulu. Masiku a msika ndimatuta matumba a kachewere ndi kabichi kuchokera kumidzi, masiku ena ndimanyamula anthu. Chubu chakumbuyo chandikwana, sabata sikutha osamatitsa. Mphwanga ali ku Johannesburg wanditumizira kanema pa WhatsApp wa matayala a njinga osalowa mpweya, ati ngakhale uponde msomali saphwa, ndipo akuti atha kunditumizira. Ndimuuze agule? Nanga ngati ndi abwino chotero, bwanji magalimoto sayendera omwewo?

Yankho: Achimwene, mphwanuyo sakunama, ndipo kanemayo si wachinyengo. Matayala otere alikodi, mungawabaye ndi msomali kapena mpeni koma saphwa. Komabe pa njinga imene ikudyetsa banja lanuyo, makamaka kumbuyo komwe kumakhala matumba, ine ndingati asawononge ndalama zake. Msewu woipa ndi katundu wolemera zimafuna pogwera. Lero zikugwera pa chubu, chomwe mumamatitsa pansi pa mtengo paliponse ndi ndalama yochepa. Mukaika tayala losapopa zidzagwera pa masipoko, pa limu ndi pa miyendo yanu, ndipo izi kukonza kwake n'kodula.

Anthu ambiri amayesa kuti tayala losapopa ndi nzeru ya lero, chonsecho ndilo lakale. Njinga za m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 zinkayenda pa mphira wouma womangidwa pa limu, mopanda mpweya ndi pang'ono pomwe. Robert Thomson wa ku Scotland anali atalembetsa kale tayala lopopa mu 1845, koma silinafale. Linadzafala mu 1888, pamene John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto yemwe ankakhala ku Belfast, anaveka machubu opopa pa kanjinga ka mawilo atatu ka mwana wake. Chaka chotsatira Willie Hume anapambana mipikisano ku Belfast komweko pa matayala otere, ndipo mu 1891 Charles Terront anapambana mpikisano wochoka ku Paris kukafika ku Brest n'kubwerera, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200, pa matayala a Michelin omwe munthu ankatha kuwachotsa n'kumata. Patangopita zaka zowerengeka, mphira wouma unasowa pa njinga. Anthu amenewo ankadziwa bwino lomwe kuti tayala lopopa limaphwa, misewu yawo inali yodzadza misomali ya nsapato za akavalo, koma anasankha kumamata kusiyana n'kubwerera kwakale. Sanali opusa.

Chimene chimanyamula katundu pa njinga si mphira ayi, ndi mpweya. Mphira ndi ulusi wa m'tayala zimangougwira mpweyawo kuti usathawe. Mukaponda mwala, pamene pakhudza mwalapo pamalowa mkati, mpweya wa pamenepo n'kugawikana kuzungulira tayala lonse, ndiye mwalawo umamira m'tayala wilo lisanakankhidwire m'mwamba. Mwala ukatsala m'mbuyo, mpweya umabweza tayala m'malo mwake pafupifupi ndi mphamvu yonse imene unalandira. Tayala losapopa silitha kuchita zimenezi. Pomwe mwala wagunda ndi pokhapo pamene pakufinyika, mbali zina zonse za tayalalo sizithandizako kanthu, ndipo pakangofinyika pang'ono pamauma gwa, kugunda kotsalako n'kukwera ku limu. Pobwerera m'malo mwake silibwezanso mphamvu yonse, ina imasanduka kutentha. Mphamvu yotayikayo imachokera m'ntchafu mwanu.

Mwina tsiku lina tayala linakuphwerani kutali ndi mudzi kunja kukuda, inu n'kutsenderamo udzu kuti mukangofika. Mukukumbuka momwe njinga inkalemerera, ndi momwe kamwala kalikonse kankamvekera pa chishalo. Za ku fakitalezi n'zabwino kwambiri kuposa udzu, sitingazilinganize, koma khalidwe lake limalowera komweko.

Tiyeni tiwerengeko pang'ono, chifukwa apa ndi pagona nkhani yanu. Tiyerekeze kuti mwapopa mpaka geji yoyezera mpweya kufika 3.5 bar, omwe pa muyeso wina ndi pafupifupi 50 psi. Zikatero, kachigawo ka tayala ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi kakakhudza pansi kamanyamula makilogalamu pafupifupi atatu ndi theka. Inuyo mukalemera makilogalamu 65, njinga 20, matumba awiri a 50, zonse ndi 185, ndipo mwina 140 mwa amenewa ali pa wilo lakumbuyo. Tayalalo liyenera kuphwatalala mpaka tizigawo totere 40 tikhudze pansi. Mpweya ukatsika kufika 2 bar pafunika tizigawo 70, ndipo limu imakhala itatsala pang'ono kukhudza msewu. Ndawerengera matumba a 50, koma tonse timawadziwa matumba a kachewere a pa Lizulu, osokerera pamwamba aja, kuti 50 anaidutsa kalekale. Ubwino wa mpweya ndi wakuti mumasankha nokha: tsiku la matumba mwapopa kwambiri, tsiku lonyamula amayi opita kusikelo pa msewu wa miyala mwachepetsako kuti asagwedezeke. Tayala losapopa kuuma kwake kunakhazikitsidwa ku fakitale, ndipo amene anakhazikitsawo ankaganizira munthu mmodzi wobereka chikwama, akupita kuntchito pa tala wa m'tauni.

Matayalawa alipo amitundu ingapo. Amene mphwanu wawaona ndikukhulupirira kuti ndi aja a siponji yolimba ya timabowo ting'onoting'ono, monga a kampani ya Tannus ya ku South Korea. Ena ndi mphira wobowolabowola m'mbali, omwe anafala pa njinga zobwereketsa za m'mizinda ya ku China, monga za Mobike. Eni njinga zimenezo anali ndi njinga zikwizikwi zogona panja popanda wozipopa, ndipo wokwera ankangoyenda mphindi zochepa n'kuisiya, choncho kulemera kwake sikunkadandaulitsa aliyense. Bridgestone ya ku Japan inaonetsa mu 2017 wilo la njinga lomwe mphira wake wakunja umakhala pa nthiti zopindika za pulasitiki. Palinso lina lolukidwa ndi waya wa chitsulo chosakaniza nickel ndi titanium, chomwe chikapindika chimabwerera chokha, nzeru yochokera ku NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a m'mlengalenga. Awiri omalizawa musavutike nawo, ndi ongoonera pa foni.

Tsono ikani la siponjilo kumbuyo kwa njinga yanu, mukweze matumba, muyambe kutsika kanjira ka miyala kolowera ku M1. Kugunda kulikonse komwe mpweya ukanameza kukufika ku masipoko. Njinga zathu zachikalezi zambiri zili ndi masipoko 40 kumbuyo pomwe kutsogolo ndi 32, chifukwa opanga ankadziwa komwe kumavutika. Sipoko siduka ndi kugunda kumodzi, imatopa ndi kukungika ndi kukhwefuka kosalekeza mpaka n'kuthyokera pa khosi pafupi ndi habu. Imodzi ikaduka zinzake zimasenza katundu wake, wilo liyamba kuvina, mabuleki ayamba kukhula mbali imodzi, kenako limu yapindika. Ndiye yerekezani mtengo womatitsa chubu ndi mtengo wa limu yatsopano, masipoko ake ndi womanga wilo. Siponji nayo ikamasenza katundu woposa muyeso wake tsiku ndi tsiku imaphwatalala osabwereranso, ndipo palibe pampu yoti n'kuidzutsa.

Za miyendo sindinena zambiri, dera lanulo mukulidziwa kuposa ine. Kuchoka ku Ntcheu kukwera ku Lizulu mpaka pa boma la Dedza, lomwe lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, malo athyathyathya ndi owerengeka. Tayala lodya mphamvu pang'ono pa kuzungulira kulikonse, munthu wongopita kugolosale sangalizindikire. Inu amene mumapalasa kuyambira mbandakucha mpaka madzulo mudzalizindikira tsiku loyamba lomwe, ndipo maulendo anu a pa tsiku adzachepa.

Pali chinanso chomwe akanema aja sanena, ndicho kukula kwa wilo. Yang'anani pa khoma la tayala lanu. Ngati njinga yanu ndi yachikale ya mabuleki a ndodo, mupezapo 28 x 1½, ndipo nthawi zambiri pambali pake pamakhala 40-635. Nambala ya 635 ikutanthauza mamilimita a kukula kwa limu. Msampha uli apa: njinga zambiri za masiku ano zomwe m'sitolo amazitchanso za 28 zili ndi limu ya 622, ndipo njinga za m'mapiri za 26 zili ndi 559. Matayala osapopa ambiri amapangidwira malimu a 622, a 559 ndi ena aang'ono. Mphwanu akangonena kuti akufuna 28, adzamupatsa la 622, lomwe pa limu yanu silingalowe. Ngakhale nambalayo itagwirizana, tayala losapopa limafunanso kuti mpata wa mkati mwa limu ukhale wa muyeso wake ndendende, chifukwa palibe mpweya wolikankhira kukhoma kuti ligwire. A Tannus amagwira ndi timapini ta pulasitiki tomwe timakola pansi pa milomo ya limu, ndipo malimu achikale a milomo yoviringidwa aja sanapangidwire zimenezo. Tayala lotere likakhala lokhwepa lingathe kuvulika pokhota. Ganizirani likuvulikirani pa makona a Khwekhwerere mukutsikira ku Golomoti ndi katundu kumbuyo. Kuliveka nako ndi ntchito ya thukuta, ena amayamba aliwotcha padzuwa kapena kuliviika m'madzi otentha kuti lifewe, ndipo kulichotsa nthawi zambiri kumathera pa kulidula. Tsiku lomwe kanati ka sipoko kadzafunika kusintha, kali kunsi kwa tayala lomwelo.

Sindikunena kuti ndi opanda ntchito. Pa wilibala ya kudimba kapena ya pa ntchito ya zomangamanga, tayala losapopa ndi lanzeru kwambiri: imayenda pang'onopang'ono, mtunda waufupi, pa minga ndi misomali, ndipo imatha kukhala mwezi osagwiritsidwa ntchito. Pa njinga za abale athu aulumali nawonso amathandiza, chifukwa kwa munthu amene sangatsike n'kukankha, kuphwa kwa tayala ndi nkhani yaikulu kuposa kugwedezeka. Makina onyamula katundu m'nyumba zosungiramo zinthu ambiri amayendera matayala a mphira wokhawokha. Mukaona bwino, onsewa ndi oyenda pang'onopang'ono, kapena a malo omwe kuima kumapweteka kwambiri kuposa kulemera. Ngakhale galimoto imene inayenda pamwezi mu 1971 pa ulendo wa Apollo 15 inali ndi mawilo olukidwa ndi waya wachitsulo, koma kumeneko zinthu zimapepuka kasanu ndi kamodzi kuyerekeza ndi kuno, liwiro lake linali la munthu wopalasa mosathamanga, ndipo womata machubu kunalibe.

Za magalimoto, mdani wamkulu ndi kutentha. Kufinyika kuja kukamachitika pa liwiro la makilomita 100 pa ola pansi pa galimoto yolemera, tayala la mphira wokhawokha limatentha mkati mpaka kuwonongeka. N'chifukwa chake makampani akuyesa matayala a nthiti, opanda kanthu pakati. Michelin inaonetsa lotchedwa Tweel mu 2005, ndipo lero limagulitsidwa pa makina otchetchera kapinga, timakina ta pa zomangamanga ndi tigalimoto ta pa gofu. Mu 2019 kampani yomweyo pamodzi ndi General Motors inaonetsa lina la magalimoto wamba lotchedwa Uptis, n'kunena kuti matayala pafupifupi 200 miliyoni amatayidwa chaka chilichonse asanathe chifukwa cha kubayika, kuwonongeka pamsewu kapena mpweya wolakwika. Mu 2023 analiveka pa magalimoto ena operekera katundu a DHL ku Singapore pofuna kuliyesa. Koma phokoso, kunjenjemera pa liwiro ndi mtengo zikuwachedwetsabe, komanso nthiti zapoyera zija zimalowa matope ndi miyala wilo n'kuyamba kulemera mbali imodzi. Ine ndikadafuna kuliona pa msewu wa kumidzi ya ku Tsangano mu Febuluwale. Anzanu a njinga zamoto akakuuzani kuti awo ndi opanda chubu, musasokoneze, amenewo mpweya ulimo, kungoti tayala lenilenilo ndi lomwe likuusunga.

Umboni wina uli pafupi. Njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief lomwe linayamba mu 2005, zinapangidwira misewu yathu yomweyi ndipo kaliyala wake amavomereza makilogalamu 100. Akatswiri awo analimbitsa felemu, masipoko ndi tayala, koma mpweya anausiyamo.

Tsopano tibwere ku chubu chanucho. Kumatitsa sabata iliyonse si tsoka, ndipo kawirikawiri si minga. Pali chinthu chimodzi chimene chikubwerezabwereza, ndipo bowo lenilenilo limaulula. Ulendo wotsatira musangopereka njinga n'kupita kukamwa tiyi. Chubu chisanatuluke, chongani pa tayala ndi choko kapena khala pomwe pali valavu. Bowo likapezeka, yalani chubucho pa tayala molinganiza ndi chizindikirocho kuti muone pomwe lagwera.

Bowo likakhala kumsana kwa chubu, mbali yoyang'ana msewu, chobaya chinachokera kunja, ndipo nthawi zambiri chidakali m'tayala momwemo. Kansonga ka munga kapena kawaya kothothoka ku matayala a malole pa M1 kamabisala mumphira, osaoneka ndi maso, n'kumatulukira pokhapokha mwakweza katundu. Tembenuzani tayala, mulisisite mkati ndi kansalu, pomwe kakola ndi pomwepo. Bowo likakhala kumimba, mbali yoyang'ana masipoko, msewu ulibe mlandu. Pamenepo pali sipoko yotalika yomwe yatulukira pa kanati, dzimbiri la m'limu, kapena lamba wa m'limu anatha kalekale. Palani nsongayo ndi tupa, chotsani dzimbiri, ndipo dulani chubu chakale mukulunge m'limu kawiri. Pa njinga zonyamula katundu zomwe zinasinthidwapo masipoko kangapo, ichi ndicho ndimayamba kukayikira.

Mukapeza timing'alu tiwiri toyandikana cham'mbali mwa chubu, chimenecho chinatsinidwa pakati pa limu ndi mwala, ndipo chifukwa chake ndi mpweya wochepa pa katundu wambiri, monga tawerengera paja. Kung'ambika pa tsinde la valavu nako kumachokera komweko, chifukwa tayala lofewa limatsetsereka pa limu pogwira mabuleki n'kumakoka chubu. Chala chachikulu chimanamiza, achimwene. Tayala lomwe likumveka louma polidina njinga ili yopanda kanthu likhoza kukhala ndi theka la mpweya wofunika pa matumba awiri. Ndipo chubu chilichonse, ngakhale chatsopano, chimataya mpweya pang'onopang'ono kudzera mumphira, choncho kupopa m'mawa wa tsiku la msika kusakhale kodikira kuti tayala lioneke lofewa.

Nthawi zina mumaviika chubu m'madzi osaona thovu paliponse. Pamenepo yang'anani kamphira ka m'valavu. Mavalavu athu achikalewa ali ndi kamphira kovekedwa pa kachitsulo ka mkati, kamene kamauma n'kung'aluka, ndipo mtengo wake sufika ngakhale wa chigamba. Kwinaku ndi zigamba zakale zomwe zikumatuka. Womata wachangu amapaka selushoni wambiri n'kuphatika chigamba nthawi yomweyo kuti inu musadikire. Zoyenera ndi kupala bwino, kupaka mopyapyala, kudikira mphindi zingapo mpaka kunyezimira kutatha, kenako n'kudina mwamphamvu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chubu chomwe zigamba zayamba kukwerana chapuma pa ntchito, chisandutseni malamba omangira katundu.

Tayala lenilenilo likatha mpaka ulusi kuyamba kuonekera, palibe chubu chomwe chingakhalemo sabata. Nzeru imene akabaza ambiri amachita, yodula mawaya a m'mphepete mwa tayala lakale n'kulilowetsa mkati mwa latsopano, imagwiradi ntchito pa minga. Chongofunika n'kusalaza m'mphepete modulamo ndi pomwe nsonga ziwiri zikumana, apo ayi pomwepo ndi pamene padzadye chubu. Njinga imalemerako pang'ono, koma mpweya udakalimo ndipo masipoko anu ndi otetezeka.

Ngati mphwanu ali ndi mtima wothandiza, mtima umenewo musaubweze. Muuzeni agule pampu yoimika pansi yokhala ndi geji yoonetsa mpweya, aonetsetse kuti mutu wake umagwira valavu yathu yachikale ija, yomwe amaitcha ya mtundu wa Dunlop. Akapeza machubu okhuthala a saizi yanu okhala ndi valavu ngati ya galimoto, atenge awiri, chifukwa valavu imeneyo imalowa pa bowo lomwelo la limu yanu ndipo geji imawerenga bwino. Ndalama zikalola, pali matayala opopa okhala ndi mphira wotchinga minga mkati, monga Schwalbe Marathon Plus lomwe chotchinga chake ndi cha mamilimita 5. Limodzi lokha lakumbuyo ndi lokwanira, lakutsogolo silivutika kwenikweni. Aliponso mankhwala amadzimadzi othira m'chubu omwe amatseka okha timabowo ta minga, ngakhale kuti chubu chotsinidwa ndi limu sangachipulumutse, komanso amavutitsa pomata chifukwa chigamba sichigwira pamalo ponyowa. Asanalowe m'sitolo, jambulani manambala onse a pa khoma la tayala lanu ndi valavu yomwe, mumutumizire pa WhatsApp pomwepo, ndipo mumuuze kuti wogulitsa akanena kuti 622 ndi 635 n'chimodzimodzi, asagule.